Chikole cha Mudzi Wonse

Bernadeta wa kwa Golomoti anali ndi pakamwa pabwinobwino, pakuthwanso ndithu, koma moyo wake wonse anthu ankamuyankhira. Maso ake anasiya kuona ali mwana atadwala chikuku, ndipo kuyambira pamenepo anthu anangogwirizana okha kuti makutu ndi lilime nazonso zinapitira limodzi ndi masowo. Kuchipatala adokotala ankafunsa azakhali ake kuti mtsikanayu akumva kupweteka pati. Kwa telala ankafunsa azakhali ake ngati diresi ikumuthina m'khwapa. Azakhaliwo, a Fagness, sankachedwa kuyankha. Anali mayi a mtima wabwino amene anamulera makolo ake atamwalira, koma funso likamadutsa pakhomo pawo ankaliwakha lisanafike kwa mwini wake.

Zonsezi Bernadeta anali atazizolowera. Chimene chinkamusowetsa mtendere tsopano chinali chakuti azakhali anayamba kumuyankhira ngakhale za banja. Panali a Mathews, eni chigayo cha mpunga pamsika, bambo a thupi lawo amene akazi awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Ankabwera pa njinga yamoto, kukhala pakhonde, n'kumakambirana ndi a Fagness za Bernadeta, mwini wakeyo ali pomwepo akutong'ola chimanga. Akafuna kumupatsa moni ankakuwa ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje. A Fagness ankawakonda kwambiri a Mathews, kapena tingoti ankakonda chigayo. Bernadeta ankadikira tsiku limene munthu adzamufunse iyeyo ngati akufuna kapena ayi, koma tsikulo silinkafika.

* * *

Chimango anali mnyamata wa ku Lilongwe, wogwira ntchito ya kafukufuku pa kampani ina yopanga sopo ndi mafuta odzola. Ntchito yake inali kufunsa ogula zimene amakonda ndi zimene zimawanyansa pa katundu wa kampaniyo. Zaka zonse ankangosonkhanitsa anthu pasukulu. Amene wakwanitsa kufika n'kukwera masitepe ndiye wogula, amene sanafike ndiye kuti sasamba. Koma chaka chimenecho akuluakulu a kampani anatulukira chinthu chodabwitsa, chakuti anthu aulumali nawonso amasamba, amadzola, ndipo amagula. Choncho anamutuma kuti awalondole kunyumba zawo, akawafunse iwo eni osati achibale.

Tsiku limene anafika kwa a Fagness, wakabaza anali atamugwetsa m'matope kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Bwanje. Tisheti ya kampani anaipindira m'chikwama n'kuvala malaya oyera amene ankasungira Lamulungu. Chisokonezo chonse chinayambira pa malaya amenewa.

A Fagness anthu a kafukufuku ankawadziwa. Amabwera pa galimoto atavala matisheti ofanana, amafuna mutu wa banja, ndipo Bernadeta amangomuwerengera limodzi ndi mbuzi ndi nkhuku. Koma uyu anabwera yekha, wapansi, malaya oyera mbee, ananyonyomala mwaulemu n'kunena kuti wabwera kudzafunsa a Bernadeta. A Fagness atamuuza kuti afunse iwo, mnyamatayo anapepesa, nati nkhani yake ndi yofunika kuti ayankhe mwini wake.

A Fagness anatula lichero pansi. Kwathu kuno mnyamata wa malaya oyera akafika pakhomo kudzafunsa mtsikana womutchula dzina, amakhala akufunsa chinthu chimodzi basi, mbeta.

"Akwanu akudziwa kuti mwabwera kuno?" anafunsa a Fagness.

"Akuluakulu ndi amene andituma, mayi. Akudikira yankho ku Lilongwe."

"Mwanayu munamuonera kuti?"

"Anandiuza za iwo ndi a kwaya ya ku Mua. Akuti samabisa mawu."

"Koma mukudziwa kuti saona?"

"N'chifukwa chake ndawasankha, mayi."

A Fagness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anafunsanso ngati alipo wina amene anamufunsapo kale.

"Ayi, ndayambira pano. Enawo ndiwafunsa pambuyo."

"Enawo iwalani, bambo. Pakhomo pano ndife Akatolika."

Chimango sanamvetse kuti mpingo ukulowa bwanji pa nkhani ya sopo, koma kuntchito anamuphunzitsa kuti ndi eni khomo sukangana nawo, choncho anangovomera. Kuseri kwa chitseko Bernadeta anali atamva mbali zonse ziwiri, ndipo ankaluma chitenje kuti kuseka kusamutulukire.

* * *

Anawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. A Fagness anakakhala patali, pakhomo la khitchini, chifukwa ngakhale iwo ankadziwa kuti nkhani ya mtundu umenewu safuna munthu wachitatu. Kanali koyamba kuti alole funso lidutse.

Chimango anayamba molakwika. Anatulutsa makadi ojambulidwa nkhope, ina yosekerera, ina yokwinya, ina yongoti duu, n'kupempha a Bernadeta kuti akanunkhiza sopo aloze nkhope yofanana ndi mmene akumvera.

"Ndiyambe ndaloza yanu," anatero Bernadeta. "Panopa iyenera kuti ikuoneka ngati ya munthu amene wangomva kumene zimene wanena."

Inali yoterodi. Chimango anabweza makadi m'chikwama. Funso lotsatira linali la mtundu wa botolo umene amaukonda, ndipo analimeza lisanatuluke. Anangotenga mabotolo awiri n'kuwaika m'manja mwa mtsikanayo. Bernadeta anawapapasa, anawagwedeza, kenako anafunsa kuti la mafuta odzola ndi liti ndipo la sopo wotsukira mbale ndi liti. Chimango anati lobiriwiralo ndi lotsukira mbale, n'kudzimva yekha kuti walakwitsanso.

"Ndiye inu ndi amene munandichititsa manyazi pa Pasaka," anatero Bernadeta. "Ndinadzola bwinobwino m'mawa ndikufulumirira ku Mua, chimfine chitanditseka mphuno. Pofika pa nyimbo ya Ulemu thukuta linayamba. Mnzanga wa pambali anandinong'oneza kuti, Bena, ukuchita thovu."

Chimango anaseka mpaka kutsokomola, ndipo a Fagness kukhitchini kuja anagwedeza mutu mokhutira kuti nkhani ikuyenda. Atapuma, Chimango anafunsa kuti kampani ichite chiyani. Bernadeta anati chivindikiro chimodzi chikhale ndi timizere tomveka ku chala, ndipo zilembo zikulitsidwe chifukwa agogo ambiri amaona mwa apo ndi apo koma safuna kuvomera.

"Kapena botolo la mafutalo mulipatse chiuno," anawonjezera. "Chinthu chokhala ndi chiuno munthu sachisokoneza."

Mnyamatayo anachedwa kulemba mawu amenewo. Kunena zoona, anali atayamba kale kugwa m'chikondi, kungoti sankadziwa. Nayenso Bernadeta mtima wake unali utasuntha, osati chifukwa cha mawu okoma, popeza mawu a Chimango anali ongopunthwapunthwa. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti munthuyu akafunsa funso ankakhala chete n'kudikira. Palibe amene anamudikirirapo choncho.

Pomaliza Chimango anatulutsa kajumbo ka zikomo kamene kampani inkapereka kwa aliyense wofunsidwa. Munali sopo, mafuta odzola ndi chitenje cha maluwa achikasu. Bernadeta atangokalandira, kukhitchini kunamveka nthungululu yomwe inabalalitsa nkhuku. Chimango anasunga m'mutu kuti akawauze akuluakulu kuti anthu a kwa Golomoti sopo amamukonda modabwitsa.

Bernadeta anatenga ndodo yake yoyera n'kumuperekeza mpaka kumsewu.

"Achimwene, mukudziwa kuti mwangopereka chikole? Azakhali akuti mwanditomera."

Chimango anafuna kubwerera kuti akalongosole, koma Bernadeta anapingasa ndodo panjira. Anamufotokozera za a Mathews ndi chigayo chawo, n'kumupempha kuti angokhala chete kwa kanthawi, mpaka bamboyo atataya mtima. Chimango anayenera kukana. Anavomera mofulumira kwambiri moti Bernadeta anabwerera kunyumba akumwetulira njira yonse.

* * *

Foni ya Bernadeta inali yolankhula. Uthenga ukalowa inkauwerenga mokweza, Chichewa chake chonga cha wansembe wachizungu amene wangofika kumene kumishoni. Masiku onse ankamvera m'makutu, koma sabata imeneyo khoswe anali atatafuna chingwe cha mahedifoni.

A Mathews anabwera masana ena kudzatsimikiza mphekesera zimene zinawapeza kuchigayo. Anakhala pakhonde ndi chikho cha thobwa, akufunsa a Fagness ngati mnyamata wa m'tauniyo ali ndi munda, ngati ali ndi nyumba, ngati amadziwa n'komwe kusiyanitsa mpunga ndi udzu. Ali mkati mofunsa, foni inalira m'chilolo mwa Bernadeta, ndipo wansembe uja anayamba ulaliki.

"Mwaswera bwanji a Bernadeta. Chiuno chija sichikundichoka m'maganizo. Akuluakulu ndawajambulira ndipo onse achikonda. Akuti ndibwerenso ndidzachiyeze bwinobwino."

Thobwa linawalowa a Mathews njira yolakwika. A Fagness anachita chizindikiro cha mtanda, kenako anati anyamata a m'tauni ndi a changu, ndiye ukwatiwu usachedwe. A Mathews, misozi ya thobwa ili m'maso, anafunsa a Fagness ngati mwanayu akudziwa zimene akuchita. A Fagness anayankha kuti akudziwa. Bernadeta akanatha kuthetsa nkhani yonse ndi mawu amodzi okha, akuti botolo, koma palibe amene anamufunsa.

A Mathews analiza njinga yawo mokalipa n'kupita. Nsanje inali itawagwira, ndipo munthu wa chigayo amadziwana ndi mudzi wonse.

* * *

Chimango anabweradi kudzayeza chiuno cha botolo. Anabweranso kudzafunsa ngati timizere tikhale toimirira kapena togona. Ulendo wachitatu analibe chifukwa, anangonena kuti amadutsa, ngakhale kuti njira ya kwa a Fagness imathera pa nkhokwe yawo.

Bernadeta anayamba kumuperekeza kwa anthu ena ofunika kufunsidwa, azakhali akuganiza kuti akukaonetsedwa kwa abale. Anapita kwa Salma kunyanja, mayi woyenda ndi ndodo ziwiri amene anadandaula kuti sopo wozungulira akaterereka kubafa amathamanga kuposa mwini wake. Anapita kwa Kenneth, mnyamata wosamva wa ku Mtakataka, komwe Bernadeta anamugunda Chimango ndi chigongono atamva kuti mawu ake akulunjika kwa mlongo womasulira m'malo mwa Kennethyo. Anapitanso kwa Anna, wa njinga ya olumala ya mawilo atatu, amene anati iye alibe vuto ndi botolo, vuto lake ndi ngalande ya pakhomo la golosale. Paliponse Chimango ankasiya kajumbo kaja, ndipo awiriwa sanaganizepo kuti zitenje zimavalidwa.

Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono pansi pa milambe, dzanja la Bernadeta lili pa chigongono cha mnyamatayo. Mafunso a Chimango anayamba kuchoka pa sopo. Anafunsa nyimbo imene amaikonda, chimene chimamuopsa, ndiponso ngati analakalakapo kukhala kwina.

"Funso limeneli lachokeranso ku Lilongwe?" anafunsa Bernadeta.

"Ayi. Lachokera pafupi."

"Pafupi pati?"

Chimango anatsokomola n'kuyamba kufotokoza za kutentha kwa kunyanja. Bernadeta anamukonda kwambiri chifukwa cha mantha akewo. Anadziuza mumtima kuti palibe chothamangira. Munthu wodziwa kufunsa chonchi, funso lalikululo akadzalipeza adzabwera nalo kwa iye, ndipo yankho lake linali lokonzeka kale.

* * *

Zinaululika tsiku la msika. Bernadeta anavala chitenje cha maluwa achikasu chifukwa azakhali anaumirira, ndipo a Fagness ankayenda naye pakati pa ogulitsa tomato ndi usipa, akuuza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa, kuti chimenechi n'chikole chochokera ku Lilongwe.

Woyamba kudutsa anali Anna pa njinga yake, atafunda chitenje cha maluwa achikasu m'miyendo. A Fagness anati zitenje zimafanana. Kenako anaona Salma pa benchi ya nsomba, chomwecho chili kumutu. Pamenepo a Mathews anatulukira atagwira dzanja nkhalamba ina, atsibweni awo amene anafa ziwalo mbali imodzi, chitenje cha maluwa achikasu chili pakhosi ngati sikafu.

"Mayi Fagness, tikondwere limodzi," anatero a Mathews mokweza kuti msika umve. "Atsibweni angawa nawonso atomeredwa. Mkamwini wathu ndi mmodzi."

Msika unagwa nako kuseka. Amayi a tomato anagwirana mapewa, ndipo wina anafunsa ngati ukwati wake udzakhale wa tsiku limodzi kapena azidzachita kusinthana. A Mathews anafotokoza zonse, za kampani, za kafukufuku, ndi za chiuno chomwe. Bernadeta sankaona nkhope za anthu, koma anamva dzanja la azakhali ake likuzizira pa mkono wake.

Anabwerera kunyumba. Atafika a Fagness anafunsa funso limodzi, ndipo mwina linali loyamba kumufunsa iye mwini, ngati ankadziwa. Bernadeta anavomera.

"Ndinalira misozi ya chimwemwe chifukwa cha sopo," anatero a Fagness motsitsa. "Ndinakauza amalume ako ku Mtakataka. Ndinauza bambo mfumu. Ine ndimagona ndikuganiza kuti ndikadzafa adzakusunga ndani, iwe n'kumandiseka kuseri kwa chitseko."

Bernadeta anachita manyazi, chifukwa mawuwo anali oona. Anapepesa ndi mtima wonse. Koma a Fagness anali atapsa kale mtima, ndipo anati masewera atha. A Mathews ndi munthu wodziwika, chigayo chawo chimaoneka ndi maso, ndipo Loweruka abwere adzaonane ndi amalume.

"Ndawatumizira kale mawu kuti walola."

"Mwalola ndinu, azakhali."

"N'chimodzimodzi," anatero a Fagness, n'kulowa m'khitchini.

* * *

Madzulo omwewo Bernadeta anapita kuseri kwa nkhokwe n'kutumiza uthenga wa mawu. Anamuuza Chimango zonse zimene zinachitika pamsika ndi zimene zikubwera Loweruka. Pomaliza anapuma kaye, kenako anati, "Ngati muli ndi funso lotsala, a Chimango, nthawi yake ndi ino."

Chimango anaumvera uthengawo kangapo. Yankho lake linali lalifupi, lakuti asadandaule, zonse azichita mwadongosolo. Wansembe wa m'foni anawerenga mawu akuti mwadongosolo movutikira kwambiri, koma Bernadeta anawamva ngati nyimbo.

Chimango sanagone bwino masiku otsatirawo. Anaimbira mkulu wake kufunsa mmene munthu amalankhulira kwa eni mbumba. Anabwereka jekete kwa mphunzitsi wina wa pa Mtakataka, lalikulu mapewa. Anayeserera mawu ake pamaso pa galasi, pamaso pa wakabaza, ngakhale pamaso pa mbuzi ya pamalo ogona alendo. Anakonzekera chilichonse chimene mnyamata waulemu amakonzekera, n'kuiwala chimodzi.

* * *

Loweruka m'mawa Bernadeta anakhala pakhonde atavala diresi yake ya kwaya. Amalume anali atafika kale ndipo anakhala pansi pa mango, akuwodzera. Anali munthu wamtendere amene pa nkhani zonse za pabanja ankadikira kuti a Fagness anene kaye kuti adziwe maganizo ake.

Bernadeta anawazindikira mapazi a Chimango ali kumsewu. Anakonza diresi m'mawondo, anapukuta manja, nakonzeka. Mapaziwo anafika pakhonde, anaima, mawu anati mwadzuka bwanji a Bernadeta, ndipo asanayankhe n'komwe mapazi aja anapitirira kulowera kumango.

Kumeneko Chimango anagwada pamaso pa amalume ndi a Fagness. Anapepesa chifukwa cha chisokonezo cha pamsika. Anati ulendo uno sanatumidwe ndi munthu ndipo si za sopo, wabwera kudzafunsira Bernadeta. Analonjeza kuti adzamusamalira, adzamuteteza, adzakhala maso ake. Mawu onse anatuluka bwino monga anawayeserera.

"Pakhomo pano timasamba sopo wina, bambo," anatero a Fagness. "Kafunseni kutsogoloko."

Chimango anaumirira kuti Bernadeta amamukonda. A Fagness anati mwanayo amamudziwa ndi iwo, sangafune munthu wogona m'nyumba ya lendi. Chimango anati Bernadeta amalakalaka kukaona kwina. A Fagness anati amaopa galimoto. Chimango anati saopa galimoto, amaopa atsekwe. Anakangana za tiyi amene amamwa, za nyimbo imene amakonda, za tauni ngati angaizolowere, ndipo amalume ankavomereza mbali zonse ziwiri. Aliyense ankamudziwa bwino Bernadeta. Mwini wake anali pakhonde, pamtunda woti ukanong'ona amva.

Anaimirira, natenga ndodo yake, n'kuyenda mpaka pamthunzi.

"A Chimango," anatero, osakweza mawu. "Za botolo munandifunsa ine. Za moyo wanga mwafunsa azakhali."

Chimango anayasama kuti anene za mwambo, za ulemu, za dongosolo, koma anamva yekha kuti mawu onsewo ndi omwe aja a telala ndi adokotala. Bernadeta anali atazolowera kudutsidwa ndi anthu onse, ndipo sizinkamuliza. Za uyu zinamupweteka mpaka m'mafupa, chifukwa uyu ankadziwa.

Njinga yamoto inamveka kumsewu. A Fagness anakonza duku, nati eni ake enieni afika. Koma a Mathews anabwera okha, opanda ankhoswe. Anazimitsa njinga, anapereka moni kwa amalume ndi kwa a Fagness mwachidule, n'kupitirira. Anavula chipewa ndi kunyonyomala patsogolo pa Bernadeta, ndipo atalankhula mawu awo anali otsika moti mtsikanayo anachedwa kuwazindikira.

"A Bernadeta, za pamsika zija ndinalakwa. Ndimafuna kuchititsa manyazi mnyamatayu, koma amene ndinawasekesa ndi inu ndi atsibweni anga. Titafika kunyumba nkhalamba ija inakana kuvula chitenje. Inati chidwalireni palibe anaifunsapo kanthu kupatula mnyamata wa sopoyu, ndipo ine amene ndimaidyetsa ndimangofunsa akazi a kukhitchini ngati yadya." Anapukusa chipewa m'manja. "Azakhali anu anditumizira mawu kuti mwalola. Koma ine sindikukwatira azakhali anu. Inuyo mukundifuna, kapena ayi?"

A Fagness anakoka mpweya kuti ayankhe. A Mathews anakweza dzanja osatembenuka, ndipo mayiwo anatseka pakamwa. Kenako bambo wa chigayo uja anakhala chete n'kudikira.

Bernadeta anagwiritsa ndodo yake ndi manja onse awiri. Funso limene analidikira moyo wake wonse linali litafika, lathunthu, laulemu, lolunjika kwa iye, koma linabwera ndi fungo la deya wa mpunga. Munthu amene ankamukonda anali chigwadire kumbuyo kwake m'jekete lobwereka, atayang'ana kolakwika.

"Bena," ananong'ona Chimango. "Inenso ndimati ndikufunse."

"Mumati," anatero Bernadeta. Anatembenuzira nkhope kumene kunali a Fagness. "Azakhali, apatseni pokhala a Mathews. Munthu wandifunsa funso, ndipo ndikufuna ndiganize bwino ndisanamuyankhe."

Mpando wa alendo pakhomopo unali umodzi wokha. A Fagness anakautenga m'nyumba, ndipo Chimango, akadali chogwada m'fumbi, anachita kupendeka kuti umudutse.